Kodi p wa mu receipt amagwira ntchito yanji?



Loweruka lapitali ndinakhala pakhonde kwathu kuno ku Kawale ndi mulu wa makope a Fomu 3, ndikuchonga chimangirizo cha Chingerezi. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, choncho panalibe wailesi kapena mpira woti undisokoneze. Nditachonga makope ngati 30 ndinachita chinthu chimene sindinachitepo zaka zonsezi. Ndinasiya kuchonga n'kubwerera m'mbuyo kuyang'ana zimene bolopeni yanga yofiira inazunguliza. Ndinkafuna ndione kuti kodi inki imeneyi ikuthera pa chiyani.

Zambiri sizinali maganizo opotoka. Sizinalinso ziganizo zothyoka, ngakhale kuti nazo zinalipo ndithu. Anali masipelo. Mwana walemba frend, ine ndazunguliza. Walemba sed, ndazunguliza. Wensday, iland, nolege, bisness, hed. Ndinayamba kuwerenga mawu amenewa mokweza, limodzilimodzi, ndipo lililonse linamveka ndendende ngati liwu limene mwanayo ankafuna kunena. Mayi a kunyumba, amene ankasankha nyemba chapafupi, anandifunsa ngati ndayamba kulankhula ndekha.

Ndiye lero ndikufuna ndinene poyera zimene ndakhala ndikung'ung'udza mu sitafu kwa nthawi yaitali. Kalembedwe ka Chingerezi n'kosokonekera, kakufunika kukonzedwa, ndipo ife aphunzitsi takhala tikulanga ana pa mlandu umene si wawo. Ndikudziwa kuti ena a ku dipatimenti ya ziyankhulo anena kuti ndagalukira. Tandimverani kaye.

M'chaka cha 2011 ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yoyendera cha ku Area 25. M'kalasi langa la Fomu 3 munali mnyamata wochokera ku Mgona. Dzina sinditchula, koma amene munali naye kalasi limodzi mumudziwa ndikangoti ankakhala pawindo losweka lija, ndiponso kuti ndi amene ankakonza wailesi ya alonda. Bambo ake ankagwira maganyu onyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Pa Masamu ndi pa Physical Science panalibe womuposa.

Tsiku lina ndinapereka mutu wakale uja umene tonse timapereka tikatopa: tsiku limene sindidzaliiwala. Ana ambiri analemba za ulendo wa ku nyanja umene sanapiteko n'komwe, ndi ziganizo zoloweza m'mapamfuleti. Iye analemba za usiku umene khoma la nyumba yawo ya zidina linagwa ndi mvula. Anafotokoza mmene anayamba wamva dothi likuyoyokera pa bulangete, mmene anakokera kamlongo kake panja atakagwira mwendo, ndi mmene kutacha amayi ake anayamba kufukula poto asanafukule china chilichonse. Mpaka lero poto ameneyo ndimamukumbukira. Za maulendo a ku Salima aja sindikumbukapo ngakhale chimodzi.

Ndinamupatsa malikisi 9 pa 30. Tsamba lonse linafiira ngati pophera mbuzi. Pansi pake ndinalemba timawu ta Chingerezi tomuuza kuti masipelo ake ndi omvetsa chisoni, n'kusayina. Za poto sindinanenepo kanthu. Atalandira kope analiyang'ana, n'kulipinda, n'kuliponya m'jumbo. Kuyambira tsiku limenelo zimangirizo zake zinafupika. Anatulukira nzeru imene ana ambiri ochenjera amatulukira, yolemba mawu okhawo amene ukudziwa sipelo yake: good, bad, big, went. Zofiira zinachepa, ndipo ine ndinkati mwana akusintha.

Zotsatira za MSCE zitatuluka anakhoza bwino Masamu, Physical Science, Biology, Agriculture ndi Chichewa. Pa Chingerezi anapeza 9. Inu mukudziwa tanthauzo la 9 pa Chingerezi: ngakhale utapeza 1 pa maphunziro ena onse, satifiketi palibe. Sindikunena kuti masipelo okha ndiwo anamugwetsa, chifukwa mayeso a Chingerezi ali ndi zambiri, galamala, kumvetsa nkhani, kufupikitsa nkhani ndi zina. Koma tsiku limene mwanayo anasiya kukhulupirira kuti Chingerezi chingakhale chake ndikulidziwa, chifukwa deti lake ndinalemba ndine, ndi inki yofiira.

Taganizani za ulendo umene mwana wathu amayenda. Ku Sitandade 1 timamuphunzitsa a e i o u, kenako ba be bi bo bu. Timamulonjeza kuti lembo lililonse lili ndi liwu lake, ndipo lonjezo limeneli Chichewa chimalisunga. Mwana akangodziwa maphatikizo amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo, ngakhale aatali ngati mtanthauziramawu. Amawerenga chikwangwani cha pa chigayo, amawerengera agogo uthenga wa pafoni. Kenako timamulowetsa m'chiyankhulo chimene chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, mmene malembo a liwu asanu omwe aja akusenza maliwu pafupifupi 20, ndipo palibe amene amamuchenjeza kuti lonjezo lija lathera pakhomo. Talembani pa bolodi though, through, tough, cough, bough ndi thought. Malembo anayi omwewo, o u g h, koma matchulidwe 6 osiyana. Mwana wa ku Chinsapo akakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Sala, lamulo lake n'lotani?" mumuyankha chiyani? Ine kwa zaka zambiri ndinkayankha kuti, "Ungoloweza basi."

Musaganize kuti ndi ana athu okha amene amapunthwa. Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anasindikiza kafukufuku woyerekeza mmene ana a ziyankhulo 13 za ku Ulaya amaphunzirira kuwerenga. Pofika kumapeto kwa chaka choyamba cha sukulu, ana a ku Finland, Greece, Italy, Spain ndi Germany ankawerenga molondola mawu odziwika oposa 90 pa 100 alionse. Ana a ku Scotland, ophunzira m'Chingerezi, ankakhoza 34 okha. Amenewa ndi ana amene Chingerezi anachita kuyamwira, amene amachimva kunyumba, kumsika ndi pa TV. Nanga wathu wa ku Biwi, amene amakumana nacho pa sukulu pokha, m'kalasi la ana oposa 100, atakhala pansi?

Chimene chinandisintha maganizo kwenikweni ndi kudziwa kumene chisokonezo chimenechi chinachokera. Ndili mwana wa sukulu ndinkaganiza kuti masipelo a Chingerezi anakonzedwa ndi anthu anzeru zakuya, ndipo kuti ngati sindikumvetsa, wopepera ndine. Ayi ndithu. William Caxton anatsegula malo ake osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, pa nthawi imene katchulidwe ka Angerezi kanali pakati posintha. Kalembedwe kanauma pa pepala pamene pakamwa pankapitirira kuyenda. K wa mu knife ndi knee kale ankatchulidwa. Gh wa mu night linali liwu lenileni la kukhosi. Anthu anasiya kutchula, malembo n'kutsala. H wa mu ghost akatswiri ambiri amati anabwera ndi chizolowezi cha amisiri osanja malembo a ku Flanders, kumene Caxton anakhalako zaka zambiri.

Kenako kunabwera ophunzira okonda Chilatini, amene anaona kuti mawu a Chingerezi akuoneka ausiwa ndipo akufunika kuvekedwa jekete. Mawu amene anthu ankalemba kuti dette anawaika b kuti afanane ndi debitum wa Chilatini, n'kukhala debt. Doute anasanduka doubt. Receipt anapatsidwa p. Island anapatsidwa s, ndipo apa anachita kulakwitsa, chifukwa liwu limeneli ndi la Chingerezi chakale, silinachokere kwa insula wa Chilatini ayi. Ndiye kuti mwana wanga wolemba iland akulemba monga ankalembera Angerezi eniake, ndipo woyenera kuzungulizidwa ndi inki yofiira ndi amene anaikamo s. Samuel Johnson atatulutsa mtanthauziramawu wake mu 1755 anangokhomerera misomali pa denga lopindika kale. Receipt anamusiyira p, deceit ayi, chonsecho mawu awiriwa ndi a mimba imodzi.

Kuno kwathu timadziwa za mizukwa ya pa mndandanda wa malipiro, mayina amene amalandira ndalama mwezi uliwonse koma pa ntchito saoneka. Malembo amenewa ndi otero. Akhala akulandira kwa zaka mazanamazana osatulutsa liwu ngakhale limodzi, ndipo amene amawalipira ndi ana athu, ndi malikisi awo.

Ndikanena zimenezi mu sitafu, yankho loyamba limakhala lakuti, "Achimwene, kalembedwe ka chiyankhulo sikasinthidwa. Mmene kalili ndi momwemo." Zimandidabwitsa kumva Mmalawi akunena zotere, chifukwa ifeyo ndiye mboni. Pitani kwa agogo mukabwereke Buku Lopatulika lakale lija, limene linatuluka koyamba lathunthu mu 1922. Mukapezamo cifukwa, cimene, ciyani, c yekha wopanda h, pamene ch ankaimira liwu limene lero timalemba tch. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti chiyankhulochi chizitchedwa Chichewa m'malo mwa Chinyanja ndipo chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, imene inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ngakhale mayina a maboma anakonzedwa titalandira ufulu. Cholo anakhala Thyolo, Mlanje anakhala Mulanje, Ncheu anakhala Ntcheu, Kota Kota anakhala Nkhotakota. Tiyi wa ku Thyolo sanasinthe kukoma, ndipo makalata sanasochere. Agogo anapitiriza kuwerenga Baibulo lawo la c, adzukulu n'kumalemba ch, onse m'nyumba imodzi.

Sindikufuna kuikometsa mbiri imeneyi. Kusinthako kunabwera ndi chikwapu. Chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo bala limenelo anzathu a kumpoto sanaliiwale. Kamuzu, amene ali ku Chicago anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa imene inatuluka mu 1937, ankadziona ngati mwini chiyankhulo, ndipo panalibe wotsutsana naye za Chichewa cholondola. Koma taonani zimene zinachitika chikwapu chitachoka. Ch ndi tch anakhala, chifukwa ankathandiza dzanja ndi diso. Ŵ wa chipewa uja, amene tinkamuona pa dzina la dziko lathu, anafota. Mumupeza mu Buku Loyera la 1998, koma m'nyuzipepala ndi m'mafoni mulibe, chifukwa ambiri sitimutchula ndipo kumupeza pa makina olembera inali ntchito. Chichewa Board nayo inatha, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996. Mpaka lero tikukanganabe ngati tizilemba Chingerezi kapena Chingelezi, mau kapena mawu, ndipo mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timaulemba mofanana ngakhale kuti pakamwa timasiyanitsa. Palinso mtengo wina umene tinalipira: anzathu a ku Zambia anakhalabe ndi c wawo, amalemba Cinyanja, moti buku losindikizidwa ku Lusaka limaoneka lachilendo kwa mwana wa ku Mchinji, chonsecho ku Chipata ndi pafupi zedi ndipo chiyankhulo ndi chimodzi.

Choncho kalembedwe kamasinthika, ndipo ife taona ndi maso zimene zimagwira ndi zimene sizigwira. Eni Chingerezi nawo anayesapo. Noah Webster wa ku America, amene mtanthauziramawu wake wamkulu unatuluka mu 1828, ndiye anakhazikitsa color m'malo mwa colour ndi center m'malo mwa centre. Zinamuyendera chifukwa kabuku kake kophunzitsira masipelo kanali kale m'manja mwa ana a sukulu m'dziko lonselo. Koma pamene anapitirira muyeso, monga kulemba tung ndi wimmen, anthu anamukana. Mu 1906 Pulezidenti Theodore Roosevelt analamula kuti zikalata za boma zizitsatira kalembedwe kosavuta ka mawu 300, kochokera ku bungwe limene Andrew Carnegie ankalipatsa ndalama. Nyuzipepala zinamuseka, aphungu anakana, ndipo chaka chisanathe anabweza lamulolo. George Bernard Shaw, amene anamwalira mu 1950, anasiya chuma choti apangire alifabeti yatsopano. Inapangidwadi, sewero lake lina linasindikizidwa m'malembo amenewo mu 1962, ndipo zinathera pomwepo. Ajeremani anakonza kalembedwe kawo mu 1996, anakangana mpaka kukhoti, anabweza zina mu 2006, koma lero ana awo akulemba mwatsopano. Amene anafuna kugwetsa nyumba yonse analephera. Amene anachotsa njerwa zochepa, kudzera m'kalasi, anapambana.

Pali mfundo imodzi yotsutsa imene inandisowetsa tulo, ndipo inachokera kwa mphunzitsi wina wachikulire amene anapuma ntchito, amene ndimacheza naye ku Area 23. Anamvetsera zonse mwachifatse, kenako anati, "Chabwino mphwanga, tizilemba monga timatchulira. Koma monga amatchulira ndani?" Anatenga pepala n'kulemba hat, hut, heart ndi hurt, n'kundiuza kuti nditchule. Onse anayi anatuluka hati. Analemba ship ndi sheep, kenako pray ndi play. Anandikumbutsa kuti Mmalawi, Mnaijeriya, Mmwenye, Msikochi ndi Mmereka akakhala pa tebulo limodzi nthawi zina samvana bwinobwino, koma akalemberana amamvana, chifukwa sipelo yosokonekerayo ndi imodzi kwa onse. Anawonjezera kuti g wa mu sign, amene ndinkamutcha mzukwa, amadzuka n'kulankhula mu signature, ndiye kuti ali ndi ntchito yosonyeza ubale wa mawu.

Bambo amenewa akunena zoona, ndipo ndinawavomera. Vuto la l ndi r ndi lathu, la pakamwa pathu, palibe kukonza masipelo kumene kungatichotsere. Ndipo sindikufuna Chingerezi cholembedwa mwa Chikawale chimene munthu wa ku Nairobi sangawerenge. Tikatero tidzabwereza za c ndi ch zija pa dziko lonse lapansi.

Koma mfundo yawoyo ikuteteza malembo ena, osati onse. I wa mu friend salankhula ku London, salankhula ku Lagos, salankhula ku Texas, ndipo palibe mbale wake amene amamudzutsa. Chimodzimodzi a wa mu head, s wa mu island, ndi e wa kumapeto kwa have ndi give, amene amachita kunamiza mwana kuti awatchule ngati save ndi five. Pempho langa ndi laling'ono: amenewa achotsedwe ntchito. Frend, hed, iland, dout, hav, giv, tho, thru, receit. Ei ndi ie wa mu receive ndi believe agwirizane chimodzi. Ndipo pasakhale tsiku loti kuyambira mawa zakale zaletsedwa. Kalembedwe kakale ndi katsopano kayendere limodzi kwa mbadwo umodzi, monga mmene colour ndi color, kapena organise ndi organize, akukhalira limodzi popanda wovulala. Mabuku a m'laibulale adzawerengekabe, ngati mmene timawerengera Baibulo la agogo.

Ena amati nkhaniyi yatha ntchito chifukwa kompyuta ndi foni zimakonza zokha masipelo. M'chipinda cha mayeso mulibe kompyuta. Ndiponso kompyuta imathandiza wolemba, koma mwana wa Sitandade 3 amene waima pa liwu loti laugh, osadziwa polowera, sithandiza. Ena amati si chiyankhulo chathu, tilibe mawu. Apa ndiye ndimakana kwamtuwagalu. Anthu olankhula Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzira ndi ochuluka kuposa amene anabadwa nacho. Lamulo lathu la maphunziro la 2013 limati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira. M'makhoti mwathu, ku Nyumba ya Malamulo, pofunsira ntchito, ndi chomwechi. Munthu amene amalipira lendi mwezi uliwonse ali ndi ufulu wonena kuti denga likudontha. Komanso Chingerezi chilibe Board ngati imene Chichewa chinali nayo. Olemba mitanthauziramawu yake amatsatira zimene anthu akulemba, ndiye kuti kusintha kukadzabwera kudzayambira kwa olemba ndi ochonga, ndipo ife tili m'gulu limenelo.

Kunena zoona, anthu a m'makwalala anayamba kale ntchitoyi popanda komiti. Sukulu, buledi, sitolo, tebulo, supuni, wilibala, batire. Tinatenga mawu a Chingerezi, kuwavula majekete a Chilatini aja, n'kuwalemba moti mwana wa Sitandade 2 angawerenge. Pitani ku Biwi kwa amakaniko mukamve za giyabokosi, sitata ndi matayala. Mnyamata amene analephera lembetso m'kalasi mwanga amalemba mawu amenewa m'kabuku ka ngongole popanda kulakwitsa, ndipo bwana wake amawerenga n'kumva. Sindikuti chimenecho ndi Chingerezi, ndi Chichewa ndithu. Ndikungoti dzanja la mwana wathu lilibe vuto likapatsidwa lamulo losunga mawu ake.

Ndikudziwa kuti kuchokera pakhonde la ku Kawale sindingasinthe Oxford. Lolemba ndikalowa m'kalasi ndikaphunzitsabe friend wa i, chifukwa ndi amene akufunika pa mayeso ndi pa kalata yofunsira ntchito, ndipo kunamiza mwana pa zimenezi kungakhale nkhanza ina. Koma kachongedwe kanga kanasintha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna aphunzitsi anzanga tikambirane.

Masiku ano chimangirizo ndimachiwerenga kawiri. Koyamba bolopeni imakhala m'thumba, ndimangofuna kumva zimene mwana akunena, ndipo ndemanga yoyamba imene ndimalemba imakhala ya nkhaniyo. Kachiwiri ndi pamene ndimaona masipelo, ndi pensulo, ndipo ndimasankha mawu osapitirira 5 oti akawakonze, osati tsamba lonse. Zimatenga nthawi, inde, makamaka makope akakhala 80, ndipo sindinama kuti ndimakwanitsa sabata iliyonse. Ndinaphunziranso kusiyanitsa zolakwa. Mwana wolemba frend khutu lake lili bwino, wamva liwu molondola n'kutsatira lamulo limene tinamuphunzitsa tokha. Amangofunika kuuzidwa kuti muli mzukwa. Koma wolemba fiernd wasochera, akungokumbukira kuti munali malembo akutiakuti osadziwa ntchito yake, ndipo ameneyo ndiye wofunika kukhala naye pansi. Kale onse awiri ndinkawapatsa mzere wofiira wofanana.

Lachisanu lililonse timapatula mphindi 10 zosaka mizukwa. Ana amabwera ndi mawu amene apeza m'mabuku a maphunziro ena, monga muscle, column, rhombus, ndipo timakambirana kuti lembo losalankhulalo linalowamo bwanji. Ndimawauza za Caxton, za okonda Chilatini aja, ndi za s wolowa molakwika mu island. Amaseka kwambiri akamva kuti azungu ophunzira nawonso ankalakwitsa. Chodabwitsa n'chakuti mawu amene tawaseka limodzi sawaiwalanso. Mtsikana wina wa Fomu 2 anandiuza kuti akamalemba Wednesday amanena mumtima kuti wedinesidei, kupereka moni kwa mzukwa uliwonse, ndipo kuyambira pamenepo sanalakwitsenso. Kalasi lonse linatengera. Chimene ndimafuna kuti atuluke nacho ndi chakuti akalakwitsa sipelo adziwe kuti apunthwa pa msewu wokumbika, osati kuti miyendo yawo ndi yopuwala.

Mwezi watha batire ya foni yanga inatupa, ndipo mnzanga wina anandilozera kwa wokonza mafoni pa msika wa Nsungwi ku Area 25. Ndinapeza kakontena kopaka utoto wobiriwira, pamwamba pake atalemba kuti timakonza mafoni, machaja, masipika ndi mawailesi, popanda lembo limodzi lolakwika. Ndisanalankhule ndinangomva, "Sala!" Anali mnyamata wa pawindo uja, tsopano bambo wandevu zake, ali ndi anyamata awiri amene akuwaphunzitsa ntchito. Anapukuta mpando ndi malaya n'kundikhazika. Pamene ankatsegula foniyo ndinaona kuti pa tebulo pali foni ina imene akuwerengapo malangizo a kakonzedwe, m'Chingerezi, cha mainjiniya chenicheni chimene ine sindikanachimva.

Tinacheza za anzake, amene ali ku Joni, amene anakwatiwa, amene anatisiya. Kenako ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati amayi ake akadali ndi poto uja. Anaimitsa sikuludiraiva n'kundiyang'ana.

"Poto uti, Sala?"

"Amene anafukula khoma litagwa."

Anakhala chete kanthawi, kenako anaseka. Anati poto alipo, ndi wopindika mbali imodzi koma amayi amakana kumutaya, amaphikira nyemba. Atatero anati, "Ine ndinkayesa kuti simunawerenge. Ndinkayesa munangoona masipelo."

Ndinamuuza kuti ndinawerenga, ndipo kuti chinali chimangirizo chabwino kuposa zonse za chaka chimenecho, ndipo kuti ndinayenera kumuuza nthawi yomweyo. Anangoti, "Zinadutsa izo, Sala," n'kubwerera ku foni.

Ndalama anakana. Tinalimbana mpaka anavomera kulandira ya batire yokha, ya ntchito ayi. Ndinamuuza kuti andilembere kapepala, kuti ikadzatupanso ndidzabwere nako. Anang'amba tsamba m'kope la masamu, pamwamba pake n'kulemba ndi malembo akuluakulu kuti LISITI, n'kudula mzere pansi, kenako batire 1, mtengo wake, deti ndi siginecha.